Msana wa a Kwezani

Kalata yosiyira ntchito inakhala masiku atatu m'thumba la ovolosi ya a Kwezani, mpaka inafewa ndi thukuta. Dzinali anawapatsa ndi anzawo a m'nyumba yosungiramo katundu, poti kwa zaka makumi awiri ankayendetsa fokolifiti, galimoto ya mafoloko awiri yokwezera katundu m'mashelefu. Anzawo aja onse anali atapita, ena kukapuma, ena kumanda. Otsala anali achinyamata odya nkhomaliro maso ali pafoni.

Tsopano msana unali utawaukira. Galimoto ikangoyenda, china chake chinkawamenya kuchokera pampando mpaka m'khosi, gu, gu, gu. Akaweruka ankavula nsapato movutika, m'chipinda mopanda wowafunsa kuti aswera bwanji. Sanauze munthu. Ankaopa kumva kuti akalamba, choncho anaganiza zochoka okha asanachotsedwe, ngakhale sankadziwa kuti kunyumbako azikayankhula ndi ndani.

Lachinayi m'mawa, akupita ku ofesi ya kapitawo kukapereka kalatayo, anapeza makaniko watsopano, mayi wa girisi mpaka m'zigongono, atagwada pafupi ndi fokolifiti yawo.

"Madala, mumayenda pa chimenechi? Msana wanu ndi wachitsulo?"

Anaima. Mayiyo anawagwira dzanja n'kuliyika patayala lakutsogolo. Anawaonetsa kamzere kozungulira m'mbali mwake, nati labala akadyeka kufika pamenepo ndiye kuti tayala latha, koma ili linali litapitirira kalekale. Pena panali pobenthuka, pena pophwatalala. Anati matayala otere alibe mpweya, ndiye saphwa kuti munthu adzidzimuke. Amangosiya kumeza mabampu n'kumapatsira woyendetsa.

A Kwezani anachita manyazi. Zaka zonsezi amene ankasintha matayala anali mnzawo, makaniko wakale, osawauza n'komwe. Chimwalirireni iyeyo, palibe anaweramapo.

"Ine ndimayesa ndatha ndine," anatero chapansipansi.

"Chikhala kuti munanena, bwenzi titasintha kalekale," anayankha mayiyo akupukuta m'manja. "Lero simukwerapo. Kuchipatala mupitebe, koma izi n'zanga."

Anatsala okha, dzanja likadali patayala lozizira lija. Kenako anadzuka pang'onopang'ono, nayenda kukagogoda ku ofesi kuja. Kapitawo sanadzutse mutu pamapepala ake. Anangofunsa chimene abwerera.

A Kwezani anakonza kukhosi.

"Matayala awiri, bwana. Akutsogolo."