Chozimitsira Moto cha Pansi pa Mpando

Banja la bambo ogulitsa mazira linali la mtendere. Chuma chawo chonse chinali galimoto imodzi yakale imene inkanyamula mathireyi a mazira kupita nawo m'magolosale. M'mawa uliwonse bambowo ankaika dzanja pa boneti n'kupemphera, kenako n'kusuzumira pansi pa mpando kuti aone ngati chozimitsira moto chawo chofiira chilipo. Maso atayamba kuwavuta, anapereka makiyi kwa mwana wawo wamwamuna. Kusuzumira kuja kunasanduka funso.

"Chofiira chija chilipo?"

"Chilipo, bambo."

Mnyamatayu anzake ankamutchula kuti Mdidi, chifukwa akamva galimoto ikudutsa ndi nyimbo zogunda pachifuwa, ankasiya chakudya n'kuthamangira kumsewu. Mtima wake sunkakhazikika. Masipika a galimoto ya bambo ake ankalira ngati udzudzu m'chitini, ndipo zinkamuchititsa manyazi.

"Bambo, tigule masipika abwino," anatero tsiku lina.

"Mazira samva nyimbo, mwana wanga. Galimotoyi ndi imene imatidyetsa. Uisiye momwe ilili."

Pafupi ndi msika panali wokonza mawailesi wina, munthu wa pakamwa pothyathyalika. Ataona Mdidi akusirira masipika akale pashelefu, anaseka.

"Aise, galimoto yopanda phokoso ndi bokosi la maliro."

"Ndalama ndilibe, akulu."

"Wanena za ndalama ndani? Tayala la sipeya likugona m'butimo limadya chiyani kwanu?"

Sipeya inapita, masipika awiri analowa m'zitseko. Sabata yotsatira jeki inapita, sipika yaikulu inalowa m'buti. Koma phokoso silinamukwane.

"Popanda ampulifaya yopatsa mphamvu, masipikawa ndi osalankhula," anatero wokonza mawailesi uja. "Ndili nayo ina, malo ake ndi pansi pa mpandopo. Kachitini kofiirako kakungotha malo. Chigulireni kanazimitsako moto kangati? Undisiyire, tikhala tathana."

 Mdidi anakumbukira funso la m'mawa lija, koma anamasula chozimitsira motocho ndi manja ake.

Waya wonenepa wa ampulifaya unali wodula, choncho anadula chingwe cha nyale yakale n'kuchilumikiza ku batire. Anachilowetsa pabowo la chitsulo popanda labala yotchinjiriza. Fyuzi, kachipangizo kodula magetsi zinthu zikavuta, inapsa katatu tsiku limodzi. Inkachenjeza, koma anaiyesa yovuta.

"Fyuzi ndi ya anthu amantha," anatero mkulu uja, n'kulowetsa msomali m'malo mwake.

Apa ndiye Mdidi anafika. Akangokhota pakona ya kwawo ankakweza nyimbo mpaka magalasi kunjenjemera, anthu kucheuka. Pobwerera ankazimitsa asanafike pageti, n'kulowa ngati mwana wa Sande sukulu.

Mayi ake sanapusitsike.

"Mazira osweka achuluka bwanji masiku ano? Nanga malaya akowa akununkhiranji pulasitiki yopsa?"

"Ndi misewu, amayi. Maenje okhaokha."

"Ndinakubereka ndine. Ngati wachita kanthu kugalimotoyo, uwauze bambo ako lero lomwe."

Mdidi sanawauze. M'mawa mwake funso linabwera, iye n'kuyankha osaphethira: "Chilipo, bambo."

Loweruka lina bambo anakwera nawo kuti akakumane ndi mwini golosale watsopano. Mathireyi anali tho mpaka kudenga. Wailesi inali yozimitsa, ndipo Mdidi ankaganiza kuti chinsinsi chake chagona. Sanadziwe kuti waya wochokera ku batire sugona. Chitsulo chija chinali chitauperesa masiku onsewa, ndipo atagunda bampu, wayawo unakhudza chitsulocho. Fyuzi ikanadula magetsi pomwepo, koma msomali sudziwa kudula.

Utsi unatuluka kumapazi.

"Ima pambali, usaope," anatero bambo modekha. "N'chifukwa chake timayenda nacho chofiira chija."

Anapisa dzanja pansi pa mpando. Chimene anagwira chinali chibokosi chotentha ndi mawaya osungunuka. Anachotsa dzanja litapsa, n'kuyang'ana mwana wawo.

"Chili kuti?"



Anthu anathamanga ndi mchenga ndi zidebe, koma moto unali utagwira kale mipando. Mazira ankaphulika limodzilimodzi. Pasanathe theka la ola, galimoto inali chigoba chakuda.

Masana omwewo Mdidi anathamangira kwa wokonza mawailesi akulira.

"Ine galimoto yanuyo sindikuidziwa," anatero mkuluyo, maso ali pa ntchito yake. Kumbuyo kwake, pakhoma, chozimitsira moto chofiira chinali chitapachikidwa bwinobwino, chikuteteza shopu yake.

M'mawa mwake bambo anatuluka monga mwa masiku onse, dzanja lili m'bandeji, n'kuima pabwalo popanda kanthu. Mdidi anagwada pafumbi n'kuulula zonse, kuyambira sipeya.

"Ndakukhululukira," anatero bambo. "Koma galimoto sinapse dzulo, mwana wanga. Inapsa tsiku lija unayamba kundiyankha kuti chilipo."

Lero Mdidi amasenza mathireyi pamutu, wapansi, ndipo zala ziwiri za bambo ake sizipindikanso. Zimandipweteka mtima, chifukwa mnyamatayu sanali woipa, ankangofuna kuti anthu azicheuka.

Achinyamata, imvani. Kuba za m'nyumba mwanu ndi kuba ndithu, ndipo bodza limene mumauza makolo limatentha ndi iwo omwe. Wokunyengererani kuti muchotse chokutetezani, iye chake amachipachika pakhoma.