Ludzu la Atelala

Mtsamiro wa atelala unkapezeka wonyowa m'mawa uliwonse. Silinali thukuta, silinali dovu, anali madzi enieni. Nesi wa usiku ataukhudza, nkhope inagwa, chifukwa m'wodi yonse ya odwala sitiroko munthu amene sankayenera kulawa ngakhale dontho anali atelalawo.

Sitiroko inawapha mbali yonse ya kumanja, mawu, ndi pakhosi pomwe. Mayi woona za kumeza anawayesa ndi supuni imodzi n'kunena mosapsatira kuti madzi akalowa m'kamwa akusochera, akupita m'mapapo. Ndiye chakudya ndi madzi zinkadutsa m'kapaipi ka m'mphuno, ndipo pamwamba pa bedi anapachika chikwangwani: OSAWAPATSA KANTHU PAKAMWA. Atelala ankangotulutsa lilime long'aluka, maso ali pa mpopi wa pakona.

Usiku wachiwiri atazindikira za mtsamirowo, nesi akutembenuza odwala monga ankachitira pa maola awiri alionse kuti asachite zilonda, anamva m'chifuwa mwa atelala mukusokosera ngati madzi owira chapatali. Abale onse ankatulutsidwa ikakwana eyiti. Nanga ankawamwetsa ndani?

"Ndi akazi awo," mayi wokolopa anamunong'oneza m'bandakucha. "Paja anatisiya chaka chatha. Amlonda akuti amamva mapazi, lina loponda, lina lokhwekhwereza."

"Inu mayi, tazikolopani," anatero nesi.

Usiku wachitatu mapazi aja anawamva yekha. Anali kumapeto kwa wodi, akusintha nsalu za agogo ena amene anadziipitsira. Nesi mmodzi, mabedi makumi atatu, inuyo mukanatani? Mumdima munamveka khwee, kenako phi, khwee, kenako phi. Mpopi unalira pang'ono n'kuleka. Pomwe ankafika ndi tochi, chibwano cha atelala chinali chikudontha, wodi yonse ili zii. M'mawa dokotala anamvetsera pachifuwa n'kunena kuti chibayo chagwira mapapo onse awiri. Anamuyang'ana nesi ngati kuti ndiye wawamwetsa, ndipo zinamuwawa koopsa.

Usiku wachinayi anasiya ena onse osatembenuza, Mulungu amukhululukire, n'kubisala kuseri kwa katani. Anadikira mpaka miyendo kuchita dzanzi. Kenako bedi loyandikana ndi atelala linalira. Pamenepo pankagona akalipentala, amene bambo wa mafizo, wophunzitsa odwala kuyendanso, analimbana nawo mwezi wathunthu osaponya phazi ngakhale limodzi. Iwowa sitiroko inawalanda kuzindikira mawu ndi kuwerenga komwe. Ndi omwewo anadzuka. Anagwira chitsulo cha bedi ndi dzanja lamoyo, n'kumakoka mwendo wakufawo pang'onopang'ono, thukuta lili kamukamu, mpaka pa mpopi, n'kutunga madzi m'kapu. Pobwerera theka la madzi linatayikira m'njira. Anatukula mutu wa mnzawo mosamala ngati wa khanda.

Nesi anawagwira mkono. "Bambo, ayi. Madziwa akuwapha."

Akalipentala anamwetulira ndi mbali imodzi ya kamwa n'kumulozera lilime la mnzawo, kuti naye aone mmene laumira. Nesi analoza chikwangwani, analoza chifuwa, anapukusa mutu, mpaka anagwada pansi. Olo kumva. Nesi atalanda kapu ija, atelala, munthu amene anatha milungu isanu ali duu, anabuula kubuula kochokera pansi pa mimba, maso ali pa nesiyo, odzaza chidani.

Kutacha anasamutsira akalipentala kumapeto kwa wodi n'kukweza zitsulo za m'mbali mwa bedi lawo. Sizinapindule kanthu, madzi anali atagwira kale ntchito yake. Atelala anamwalira patapita masiku awiri, m'kamwa muli gwa. Mtembo unadutsa pafupi ndi bedi la akalipentala, iwo akuona.

Akalipentala sanayendenso. Bambo wa mafizo atamva kuti munthu wawo ankafika pa mpopi yekha, anabwera akuthamanga, anawanyengerera, anawaombera m'manja, koma iwo anangotembenukira kukhoma. Madzulo ake nesi anafika ndi kapu, poti iwowa ankaloledwa kumwa, n'kuwatukula mutu.

"Imwani, bambo anga, chonde."

Akalipentala anamuyang'ana nthawi yaitali, n'kutseka pakamwa.