Banga Loyera M'zithunzi za Phaniphani

Phaniphani anatseka situdiyo mabasi atatha kale. Dzinali anam'patsa ndi ana a mumsewu chifukwa cha nyale ya kamera yake, ndipo linam'kanirira. Sikuti mtsikanayu anachedwa chifukwa chokonda ntchito ayi. Chinam'chedwetsa ndi banga.

Lenzi ya kamera yake, galasi lakutsogolo lojambulira, itagwa n'kusweka, bwana wake anam'tulutsira ina yakale ya m'kabati. Kuyambira tsiku limenelo, chithunzi chilichonse chojambulidwa moyang'ana kuwala chinkatuluka ndi banga loyera pambali, lalitali ngati utsi. Makasitomala anayamba kubweza zithunzi. Bwanayo, munthu wosadziwa kusankha mawu, anamuuza madzulo amenewo kuti mawa kuli ukwati waukulu, ndipo ngati sapeza chimene chikubweretsa bangalo, asaonekenso pakhomo pa situdiyo. Phaniphani ankalera yekha ang'ono ake awiri. Madzi anali atafika m'khosi.

Njira yakwawo inkadutsa pamlatho wautali wokhala ndi nyale imodzi yokha. Atafika pamenepo anaima. Mantha anali nawo, koma nyale yowala mumdima ndi imene imaulula matenda a lenzi. Anatulutsa kamera.

Anajambula nyaleyo, n'kuyang'ana pasikirini. Banga lilipo. Anachotsa hudi, kachipewa kamene kamatchinga kuwala kochokera m'mbali, poganiza kuti mwina m'kati mwake munapalika n'kuyamba kunyezimira. Banga lilipo. Anatchinga ndi chikhatho pamwamba. Lilipobe. Chimene chinam'zunguza mutu n'chakuti banga la kuwala limayenda: ukasuntha kamera, nalo limasuntha, n'kukakhala moyang'anizana ndi nyale. Ili linkaima pamodzimodzi, cha kumanzere, pafupi ndi chitsulo cha mlatho.

Chinatsala ndi fyuluta, kagalasi koteteza kamene amamangirira kutsogolo kwa lenzi. Koma iyi inali yopindika m'mphepete, ndipo tsiku lonse inakana kumasuka. Anaipotokola mpaka zala kuwawa.

"Mukaifinya imalimba, achemwali."

Phaniphani anangoti njo! Kumanzere kwake kunaima bambo wa jekete lotuwa, kamera ili pachifuwa. Sanamve mapazi ake. Koma ataona kamerayo mtima unatsikako pansi, poti mnzako wa ntchito ndi m'bale. Bamboyo anamuuza mofatsa kuti avule nsapato, akanikize fyulutayo pamphira wa kunsi kwake, kenako apotokole. Anatero. Fyuluta ija inamasuka ngati sinavutepo.

Anathokoza akuseka, n'kufunsa kuti iwowo amajambulira kuti. Bamboyo maso ake anali kumsewu.

"Nyale iyi ndi yofooka. Banga lenileni limaoneka ndi nyale za galimoto. Imani pakati pamsewu, zikuombeni m'maso. Inenso ndinatsala pang'ono kulipeza."

Munthu wanzeru zake akanakana. Koma amene ntchito ili pafupi kum'thera amamvera aliyense. Kutali kunaoneka nyale ziwiri. Phaniphani anatsika m'mbali mwa msewu n'kuima pamzere woyera wa pakati pamsewu, fyuluta ili m'dzanja lamanzere, diso lili pakamera.

Nyale zija zinali zazing'ono. Zinali kutali ndithu.

"Dikirani," anatero mawu aja. Tsopano anali pakhutu pake penipeni. "Zisendere kaye."

Mlatho unayamba kunjenjemera. Mphepo inaleka. Thupi lake lonse linachita tsemwe.

"Dikiranibe..."

Mpweya wa mawuwo unali wozizira. Unkanunkha matope a mumtsinje.

Anafuna kuchotsa diso pakamera. Khosi linakana. Miyendo inauma gwa. Chala chokha ndicho chinayenda, n'kudina batani lojambulira... thephe!

Fyuluta ija inapulumuka m'dzanja lake lonyowa ndi thukuta, n'kugubuduka kulowera m'mbali. Katundu wa bwana! Mantha a bwana anaposa ena onsewo. Anadziponya kuti aigwire.

Vuuu! Chilole chinadutsa pamene anaima paja, hutala ikulira, mphepo yake n'kumugwetsera pachitsulo. Apo m'pamene anakumbukira chinthu chimene wojambula aliyense amadziwa: lenzi yotambalala ngati imene anali nayoyi imanamiza, chapafupi imachionetsa ngati chili kutali.

Anaona fyuluta ikudutsa pansi pa chitsulo. Anaimva ikuti chubwi m'madzi. Anacheuka. Pamlatho panali zii. Kumanja kulibe munthu, kumanzere kulibe munthu.

Anathamanga liwiro la mtondo wadooka, nsapato imodzi ili m'manja. Usiku umenewo anagona pakati pa ang'ono ake nyale ili chiyakire, ndipo kamera anaisiya m'chikwama pakhomo, osaikhudzanso.

Kutacha anafika ku situdiyo atakonzeka kuchotsedwa ntchito. Anafotokoza zonse, bwana akugwedeza mutu monyoza, n'kumufunsa ngati masiku ano wayamba kumwa. Phaniphani anangotulutsa kamera, n'kumuonetsa chithunzi chomaliza chija, chimene iye mwini anali asanachione.

Munalibe banga. Chithunzicho chinali choyera bwino. Pakati pa nyale ziwiri za lole panaima bambo wa jekete lotuwa, nkhope yake ikuoneka yonse, akuyang'ana wojambulayo.

Bwana anafunafuna mpando ndi dzanja n'kukhala.

"Achimwene anga awa," anatero. "Situdiyo ino anayambitsa ndi iwowo. Lole inawagunda pamlatho pomwepo, iwe usanayambe n'kugwira komwe kamera. Lenzi ndinakupatsa ija ndi yokhayo imene inatsala yamoyo pakamera yawo."

Ananena kuti masiku amenewo zithunzi zawo zinkatuluka ndi kuwala kosokoneza, ndipo usiku umenewo achimwene akewo anachoka akunena kuti sabwera kunyumba asanapeze chimene chikuyambitsa. Sanabweredi.

Panja, galimoto ya akwati inaliza hutala kudzatenga wojambula. Bwana anapukuta m'maso, n'kunena ndi mawu amene Phaniphani anali asanawamvepo kuti ntchito yake ndi yake ndithu, ndipo popeza fyuluta ija inapita ndi madzi, nkhani yatha. Apite akajambule.

Phaniphani anapumira m'mwamba. Anakoleka kamera m'khosi, n'kuvundukula chivundikiro cha lenzi kuti apukute galasi.

Fyuluta yopindika ija inali pomwepo, yomangidwa zolimba, ikudontha madzi.