Tsiku Limene Chimphona Anatuluka M'khola

Loweruka lililonse bambo ankapachika sikelo pakhomo la khola n'kuyeza abakha a ana awo aakazi awiri. Tsiku limenelo bakha wa mng'ono anakwana makilo atatu, pamene wa mkulu, wa msinkhu womwewo, sanafike n'komwe awiri. Bambo anasisita chifuwa chodzaza mnofu cha bakha wolemerayo n'kuyamikira mng'onoyo kuti ali ndi dzanja labwino.

Mkuluyo mtima unamuwawa. Iye ndi amene ankalawirira kusesa m'khola ndi kutsuka zomwera, mnzakeyo akadali m'bulangete. Anayesa kuwonjezera chakudya, anayesanso kusinthanitsa mobisa matumba ake a chakudyacho ndi a mng'ono wake, koma abakha ake ankangotalika makosi basi.

Amene ankamunyansa kwambiri anali Chimphona, bakha wamwamuna woyera amene mng'onoyo anapatsidwa ndi azakhali awo. Mlendo aliyense ankayamba wakaona iyeyo asanakhale pansi.

Lachitatu masana, mng'onoyo akadali kusukulu, mkulu uja anatsegula kachitseko kakumbuyo kwa khola n'kupirikitsira Chimphona kumsewu. Ankangofuna kuti mng'ono wake avutikeko kufunafuna, mwinanso alireko pang'ono. Koma madzulo bakhayo anakapezeka m'ngalande atafa, galimoto itamugunda. Aliyense anaganiza kuti kachitsekoko kanatseguka ndi mphepo.

M'mawa mwake kunabwera mlangizi wa ziweto. Atazungulira makola onse awiri, ananena kuti la mkuluyo ndiye losamalidwa bwino, ndipo mtsikanayo anafunsa mokwiya chifukwa chimene abakha ake sankanenepera.

"Vuto si iweyo ayi," anatero mlangiziyo. "Kukula msanga kwa mnofu bakha amatengera kwa makolo ake, chakudya chimangothandizira. A mng'ono wakowa ndi ana a bakha wafa dzuloyu. Akowa bambo wawo ndi wamtundu waung'ono."

Mlangiziyo anafunsa ngati panatsala mwana wamwamuna wa Chimphona, koma bambo anayankha kuti onse anagulitsidwa mwezi watha.

Apo mng'onoyo anayambanso kulira. Anaulula kuti ndi iye amene anapempha bambo kuti aitane mlangiziyo, chifukwa nkhope ya mkulu wake pa sikelo inkamumvetsa chisoni.

"Asisi, ndimafuna ndifunse ngati Chimphona angasamukire m'khola mwanu mwezi uno, kuti nanunso muswetse akuluakulu."

Mlangizi atapita, mkuluyo anatsatira mng'ono wake kumpopi, kumene ankatsuka mbale imene Chimphona ankadyera. Anaima kumbuyo kwake nthawi yaitali, madzi akusefukira m'ndowa.

"Kachitseko kaja si mphepo," anatero chapansipansi. "Ndinatsegula ndine."

Mng'onoyo anatseka mpopi n'kumuyang'ana osaphethira. Sanamukalipire, sanathamangirenso kukanena kwa bambo. Ananyamula ndowa yake yekha, ndipo mkuluyo atatambasula dzanja kuti amuthandize, anaisamutsira kudzanja linalo n'kumapita.