Nyemba 841 za Amayi

Sibongile ankakhala ku Kandeu ndi bambo ake.
Amayi ake anamwalira mu Juni.
Anasiya chigubu cha mbewu ya nyemba.
Anali atazithira phulusa ndi manja awo.

Sibongile ankawasowa amayi.
Ankafuna kubzala nyemba zawo zonse.
Ankafuna mizere yofanana, ngati ya amayi.

Mvula inayandikira.
Sibongile anayala mphasa pakhonde.
Anakhuthula nyemba. Anawerenga, anawerenga.
Zinakwana 841.

Anaziika ziwiriziwiri. Imodzi inatsala.
Anaziika zitatuzitatu. Imodzi inatsala.
Anaziika zinayizinayi. Imodzi inatsala.

"Ababa, nambala iyi ndi yamakani," anatero.

Bambo ankanola khasu. Sanadzutse mutu.
"Yesa zisanuzisanu, Sibo."

Anayesa. Imodzi inatsala.
Anayesa khumikhumi. Imodzi inatsalabe.

"Iponyere nkhuku imeneyo," anatero bambo. "Zotsalazo zigawika bwino."

"Ayi, ababa. Iyinso amayi anaigwira."

Bambo anasiya kunola.
Anayang'ana kuphiri nthawi yaitali.
"Pakhomo pano zotsala zokha tazizolowera," anatero motsitsa mawu.

Sibongile anafumbata nyemba ija.
Inali yaing'ono. Inali yofiira.
"Iwe sutsalanso," anaiuza. "Uyamba ndiwe."

Anaiika pakona ya mphasa.
Anawonjezera zitatu pambali pake.
Mizere iwiri, nyemba ziwiriziwiri.
Anawonjezera zisanu.
Mizere itatu, nyemba zitatuzitatu.

Mbali zonse zinali zofanana.
Sibongile anapitiriza.
Bwalo la nyemba linakula, linakula.
Mulu unachepa, unachepa.

Bambo anaika khasu pansi.
Anagwada pamphasa.
"Ndikuthandize?"
"Inu muziika uko. Ine kuno."

Anaika. Anaika. Anaika.
M'manja mwa Sibongile munatsala imodzi.
Pakona panatsala malo amodzi.
Anaiika. Inakwana!

"Ababa, werengani!"

Bambo anawerenga chotsika. "29."
Anawerenga chopingasa. "29."
Anagwira pakamwa.
"Kani! 29 kuchulukitsa ndi 29. Nambala iyi ndi sikweya, Sibo."

"Ndiye si yamakani?"

"Ndi yamakani ndithu. Simvera 2. Simvera 3. Simvera 10. Imamvera 29 yokha."

"Ngati amayi?"

Bambo anaseka.
Panali patapita miyezi osaseka.
Kenako anapukuta m'maso ndi malaya.

Lachisanu mvula inagwa.
Loweruka anapita kumunda.
Bambo anapanga mizere 29.
Pamzere uliwonse anakumba mapando 29.
Sibongile ankaponya nyemba imodziimodzi.
Ankafotsera ndi phazi.
Phulusa la amayi linamuyeretsa zala.
Sanafune kusamba m'manja.

Atamaliza, anaima kumapeto kwa munda.

"Mayi ako akanati mizere yanga yakhota," anatero bambo.

Sibongile anayang'anitsitsa.
"Yakhotadi, ababa."

"Zimera choncho?"

"Zimera. Mawa tidzabwere tidzaone."

"Mawa sizikhala zitamera, Sibo."

"Tidzabwerebe."

Bambo anamugwira dzanja laphulusa lija.
"Chabwino. Tidzabwera."