Kanga ya Emelda

Emelda ankakhala ku Kasanda, m'tauni ya Kabwe. Ankafuna chinthu chimodzi basi. Ankafuna kuti atate ake asamuiwale.

Mgodi wa ku Kabwe unali utatsekedwa. Ntchito ya atate inatha. Atate anakwera sitima kupita ku Dar es Salaam. Kumeneko ankanyamula katundu padoko. Kutalitu kumeneko!

Tsiku lina kunabwera phukusi ndi kalata. Amayi anawerenga mokweza.

"Nsalu imodzi ya amake Emelda. Imodzi ya Emelda. Ndibwera pa Khisimasi."

Emelda anamasula phukusi. Munali nsalu imodzi. Yaitali, koma imodzi. Anakutumula pepala. Munalibe kanthu.

"Atate andiiwala," anatero Emelda. Mtima unamuwawa kwambiri.

Amayi atapita kumsika, Emelda anatenga nsalu ija mobisa. Anathamangira kwa amake Sailas, osoka zovala. Iwo anabadwira ku Dar es Salaam.

"Amake Sailas, onani. Yanga palibe."

Amake Sailas anaseka. Anatenga sizasi.

"Iyayi! Osadula!" anakuwa Emelda. "Ni ya amayi!"

Kweche! Kweche! Nsalu ija inaduka pakati.

Mayo ine! Emelda anagwira mutu. Atacheuka, amayi ali chilili pakhomo, akuchokera kumsika. Maso ali psu!

"Emelda! Wachita chani?"



"Khalani pansi, amake Emelda," anatero amake Sailas. "Iyi ni kanga. Kwathu kunyanja kanga zimabwera ziwiri zogwirana. Umadula wekha pakati."

"Zoona?" anafunsa amayi.

"Zoona. Kalekale zombo zinkabwera ndi timipango padoko. Azimayi ankatisoka pamodzi. Akuti kanga inayamba choncho. Ina uvala iwe. Ina upatsa amene umukonda."

Anayala nsalu zija patebulo. Iyi, maluwa ofiira. Iyo, maluwa ofiira. Zofanana ndendende!

Amayi anapumira m'mwamba. Kenaka anaseka. Anamuveka Emelda kanga yake.

Khisimasi inafika. Amayi anavala yawo. Emelda anavala yake. Anakadikira pokwerera basi.

Basi yochokera kusiteshoni ya sitima ku Kapiri inaima. Atate anatsika akuthamanga.

"Ndakuonani ndikali m'basi!" anatero atate.

Emelda anawakumbatira. "Atate, ndimayesa mwandiiwala."

"Iwe? Ndinazungulira misika itatu kufuna maluwa ofiira. Si ndiwe ukonda ofiira?"