Kiyi wa Kabati ya Mabuku

Wailesi anali woyamba kukweza dzanja, aphunzitsi asanamalize n'kulankhula komwe. Dzinali anam'patsa anzake chifukwa akayamba kuwerenga, mawu ankangotsetsereka ngati a muulutsi. Tsiku limeneli mtima wake unali m'mwamba. Aphunzitsi anali atalengeza kuti wopeza kiyi wa kabati ya mabuku ndiye amusunge teremu yonse, ndipo wosunga kiyi ankaloledwa kupita ndi buku kunyumba Lachisanu lililonse. Wailesi anali atasirira kalekale buku lalikulu la nyenyezi lomwe linkaonekera pagalasi la kabatiyo.

"Kiyiyo ndamubisa m'kalasi momwe muno," anatero aphunzitsi akusasa choko m'manja. "Nkhani ili pabolodiyi ikuuzani pomwe ali. Tatiwerengera, Wailesi."

Wailesi anakonza kukhosi n'kuyamba: "Dzulo mutaweruka ndinakiya kabati. Ndinafuna kuika kiyi m'dilowa, koma dilowayo inakana kutseguka. Chikwama changa n'chobooka, ndipo diresi langa lilibe thumba. Ndikuganiza chochita, ndinaona kuti duwa la pazenera lafota. Ndinalithirira, kenako ndinanyamula chitini chake pang'ono n'kuchibwezera pamalo pake. Ndinapita kunyumba mtima uli m'malo."

Ana onse anaomba m'manja.

"Wawerenga bwino kwambiri. Nanga kiyi ali kuti?"

Wailesi anali ndi kanzeru kake komwe kankamupulumutsa pamayeso. Ankafufuza mawu a m'funso m'nkhanimo, akawapeza n'kukopera zomwe zayandikana nawo. Apa mawu oti kiyi anali pambali penipeni pa dilowa. Anathamangira kutebulo la aphunzitsi n'kukoka dilowayo ndi mphamvu zake zonse. Dilowa inakana, koma tebulo ndi lomwe linamutsatira. Kalasi yonse inafa ndi phwete, ndipo Wailesi anachita manyazi mpaka kulakalaka atalowa pansi.

"Musaseke," anatero aphunzitsi. "Ndakupatsani nthawi yopuma yonseyi. Muwerenge chiganizo chimodzi, mutseke maso, muone zomwe zikuchitika, kenako mudzifunse chifukwa chake."

Belu litalira, ana anakhamukira panja. M'kalasi munangotsala Wailesi ndi mtsikana wina wamanyazi yemwe ankatchedwa Kachetechete. Ameneyu akauzidwa kuti awerenge mokweza ankachita chibwibwi, choncho ankakhala kumbuyo n'kumabisala kuseri kwa mitu ya anzake.

"Iwe, nkhaniyi sikutchula pomwe kiyi ali," anadandaula Wailesi. "Atinamiza basi."

"Ta-tatseka maso kaye," anatero Kachetechete chapansipansi. "Ukuwaona aphunzitsi? Kiyi ali kuti pomwe akuyang'ana duwa?"

Wailesi anatsinzina monyinyirika. Poyamba anangoona mdima. Kenako anawaonadi, ataima pafupi ndi tebulo, chikwama chobooka chili paphewa. "Akadali m'manja mwawo," anayankha.

"Nanga kwanu mukamathirira duwa, mumanyamula chitini?"

"Tinyamuliranji? Timangothira madzi basi." Wailesi anatsegula maso mwadzidzidzi. "Ndiye iwowa ananyamuliranji? Komanso mtima unakhala bwanji m'malo, chikhalirecho anali atasowa poika kiyi?"

Anapita pazenera pang'onopang'ono, nakweza chitini chija. Kiyi anali pomwepo, atanyowa pang'ono. Anadabwa kwambiri. Palibe mawu amene ananena kuti kiyi ali pansi pa chitini, komabe nkhani yonse inkaloza pamenepo.

"Kodi iwe unadziwa liti?"

"Pomwe unkawerenga paja. Umawerenga mokoma, ndiye ndinkangoonerera."

Ana atabwerera, aphunzitsi anaona kiyi m'manja mwa Wailesi. "Eya! Tapeza wosunga kabati."

Wailesi anayang'ana buku la nyenyezi lija. Zinamuwawa ndithu. Kenako anayenda mpaka kumbuyo kwa kalasi n'kuika kiyi padesiki la Kachetechete.

"Aphunzitsi, ine ndangonyamula chitini. Amene wawerenga nkhaniyi ndi uyu."

Lachisanu Kachetechete anatsegula kabati, natulutsa buku la nyenyezi. Anapempha chilolezo kwa aphunzitsi kuti Wailesi ndiye ayambe kupita nalo kunyumba, bola Lolemba adzamuwerengere mokweza.

Loweruka masana, amayi ake a Wailesi ankasita zovala. Anadabwa kuti m'nyumba muli zii, pomwe masiku onse buku likalowa pakhomopo ngakhale oyandikana nawo ankadziwa. Atasuzumira kuchipinda, anapeza mwana wawo ali patsamba loyamba lomwelo, chala chili pamzere wachitatu, maso ali chitsinzinire.

"Kodi wailesi yathuyi mabatire atha?"

"Ayi amayi, dikirani kaye," anayankha osatsegula maso. "Akuti kuwala kwa nyenyezi kumayenda zaka zambiri kusanafike kuno. Ndiye ndikufuna ndidziwe kuti tikamayang'ana kumwamba, timakhala tikuona za liti."